Ipezeni Yozizira: Mmene Mungafufuzire Galimoto Yakale Musanaigule

Galimoto yanga yoyamba ndinakaiona masana dzuwa lili paliwombo. Inali Corolla yakale, yotsukidwa bwino, matayala opakidwa polishi, m'kati mukununkhira. Nditafika ndinapeza injini ikulira kale, ndipo wogulitsayo anati amafuna ndisataye nthawi. Patatha milungu itatu, ndikukwera mtunda wochoka ku Linthipe kulowera ku Dedza, singano ya kutentha inathamangira pofiira ndipo nthunzi inayamba kutuluka m'mphepete mwa boneti. Makaniko amene anaimasula anapukusa mutu. "Achimwene, galimotoyi inawira kale musanaigule. Mukanabwera nane m'mawa isanalizidwe, zonsezi tikanaziona ndi maso." Ndalama zimene ndinasungira sukulu ya ana zinathera pa injini, ndipo mpaka lero zimandipweteka ndikaona munthu akupereka ndalama pa galimoto imene waizungulira kamodzi kokha.

Zimene ndalemba pano ndi ndondomeko imene ndimatsata tsopano, kaya ndi Vitz, Passo, Sienta, Probox, Tiida, Demio kapena Fit.

Choyamba: nthawi muikhazikitse ndinu

Muuzeni wogulitsa kuti mubwera m'mawa, ndipo galimoto asailize mpaka mutafika. Mukafika, ikani dzanja pa boneti, kenako pafupi ndi injini. Ngati pali potentha, ndiye kuti ailiza. Musakangane naye, ingonenani kuti mubweranso mawa. Injini yotentha imabisa zambiri: imalira msanga ngakhale batire lili lotopa, phokoso la zitsulo zodyeka limachepa, ndipo utsi woyamba umakhala utapita kale.

Musakaone galimoto madzulo kapena mvula ikugwa, chifukwa madzi ndi mdima zimakongoletsa penti iliyonse. Tengani tochi, kansalu koyera, kamaginito konga komata pa fuliji, ndi katoni yoti mugonepo poyang'ana kunsi. Koposa zonse tengani makaniko wanu, amene mwamulipira nokha ndipo mudzapitirira kugwira naye ntchito. Makaniko amene wabwera ndi wogulitsa, ngakhale atakhala waulemu bwanji, ali ndi mbali yake pa malondawo.

Chachiwiri: mapepala musanatsegule boneti

Anthu ambiri amasiya mapepala kuti adzaone pomaliza, mtima utakonda kale galimoto. Yambani ndi iwowo. Pemphani blue book yeniyeni, chikalata chosonyeza mwini galimoto, osati fotokope kapena chithunzi cha pa WhatsApp, ndipo dzina lolembedwamo lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha amene akukugulitsaniyo. Akakuuzani kuti mwini wake ali ku Joni kapena kuti "ndi ya malume, andituma", funsani kuti pa tsiku losintha umwini adzapezeka ndani ku Road Traffic.

Kenako gwirani blue book m'manja n'kuyerekeza nambala ya chesisi (mafupa achitsulo a galimoto) yolembedwamo ndi imene inadindidwa pa chitsulo cha galimoto. Pa galimoto zambiri imakhala pa khoma la kumbuyo kwa injini, kapena pansi pa mpando wa dalaivala, pomwe pali kachivindikiro mu kapeti. Galimoto zopangidwira msika wa ku Japan zimakhala ndi nambala yaifupi: imayamba ndi mtundu wa galimoto, monga KSP90 kapena NCP81, kenako kamzere, kenako manambala. Zochokera ku South Africa kapena ku UK zimakhala ndi zilembo ndi manambala 17. Pitsani chala pa nambalayo. Ngati pozungulira pake pali zipsera za kuwotcherera, kupala kapena penti yatsopano, tsazikani basi. Nambala ya injini nayo ifanane. Ngati anasinthapo injini, si mlandu, koma pakhale malisiti ndipo zikhale zitalembetsedwa.

Funsaninso umboni woti msonkho wa MRA unalipiridwa. Galimoto imene inalowa mopanda msonkho chifukwa cha ntchito ya mwini wake, ikagulitsidwa kwa munthu wamba msonkhowo umafunika, ndipo ukhoza kudzagwera inu. Onani ngati COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pa msewu) ndi inshulansi zili zamoyo, komanso ngati galimotoyo siili pa chikole cha ngongole.

Chachitatu: thupi lake

Imani chapatali pang'ono, muyang'ane galimoto chopingasa kuchokera pa kona iliyonse. Penti ya pa chitseko chimodzi ikasiyana pang'ono ndi ya chinzake, pamenepo panakonzedwa. Yang'anani mipata ya pakati pa boneti ndi mapiko ake, komanso ya zitseko: ikhale yofanana mbali zonse. Yendetsani kamaginito kaja m'mbali mwa zitseko ndi pamwamba pa matayala. Pomwe sikakugwira pali fila wochindikala, phala lomatira pobisa pophwanyika.

Kuphwanyika kwa bampala kapena kupindika kwa chitseko si nkhani yaikulu pa galimoto ya zaka khumi ndi zisanu. Chimene mukusaka ndi ngozi imene inafika pa mafupa. Tsegulani boneti muone zitsulo ziwiri zazitali zimene zimanyamula injini: zisakhale ndi makwinya kapena zowotcherera zapamanja. Tsegulani buti, chotsani tayala la sipeya, muone pansi pake ngati pali posalala. Galimoto yopindika chesisi imadya matayala moyo wake wonse, ndipo pa ngozi yachiwiri siteteza anthu ngati poyamba.

Gonani pa katoni ija muunike kunsi. Dzimbiri la pamwamba lofiirira si loopsa, koma lotumphuka ngati makungwa, lomwe mukalikanda ndi kiyi likuyoyoka, ndi matenda. Limapezeka kwambiri pa galimoto zochokera ku UK ndi kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, kumene amathira mankhwala a mchere m'misewu nthawi ya chipale. Samalani ndi kunsi kopakidwa phula lakuda latsopano.

Palinso galimoto zomwe zinamira. Pambuyo pa namondwe Freddy mu March 2023, galimoto zambiri za ku Blantyre ndi madera ozungulira zinalowa madzi ndi matope. Nunkhizani m'kati mawindo ali otseka. Tukulani kapeti, muone njanji za mipando ngati zachita dzimbiri, ndipo kokani lamba wa pampando mpaka kumapeto kuti muone ngati pali mzere wa matope. Galimoto yomira imavuta ndi zamagetsi mwezi ndi mwezi, lero mawindo, mawa kompyuta.

Matayala onse anayi aoneni. Lodyeka mbali imodzi yokha likunena za miyendo ya galimoto. Pa khoma la tayala pali manambala anayi osonyeza nthawi imene linapangidwa: 2318 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2018. Tayala lokalamba limang'aluka ngakhale mano ake akuoneka. Mukaona lolembedwa kuti studless, limenelo ndi la m'chipale, ndipo pa phula lotentha la kwathu kuno silichedwa kutha.

Chachinayi: pansi pa boneti, injini ili yozizira

Apa ndi pamene muyenera kukhalitsa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Injini yotsukidwa mpaka kung'anima imandikayikitsa kuposa ya fumbi. Fumbi louma limasonyeza kuti palibe chikudontha, pomwe yotsukidwa dzulo yafufutidwa umboni. Sololani chitsulo choyezera oyilo, mupukutire pa kansalu koyera kaja. Oyilo wakuda ndi wongokalamba. Koma akakhala ngati tiyi wamkaka, madzi akulowa mu injini, ndipo kawirikawiri ndi head gasket (gasiketi yotseka mpata wa pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake) yopsa kapena mutu wa injini wong'aluka. Tsegulani chivindikiro chothirira oyilo muunike m'kati ndi tochi. Zitsulo zizioneka zachikasu kapena zofiirira. Mukaona phala lakuda lokakamira ngati phula, mwini wake ankadumphitsa sevisi, ndipo timipata toyenda oyilo tili pafupi kutsekeka.

Tsopano madzi. Tsegulani chivindikiro cha rediyeta, ndipo izi muzichita pokhapokha injini ili yozizira, chifukwa yotentha imalavula madzi owira kumaso. M'kati muyenera kukhala coolant (madzi a mankhwala oziziritsa injini) wa mtundu wake, wobiriwira, wofiira kapena wapinki. Madzi a dzimbiri ngati a m'chithaphwi akutanthauza kuti galimoto yakhala ikumwa madzi a pampopi kapena a pa mjigo kwa zaka, ndipo rediyeta ndi pampu ya madzi zadyeka m'kati. Mafuta oyandama pamwamba ndi chizindikiro choipa kwambiri. Finyani mapaipi a rabala: asakhale ofewa ngati nthochi yakupsa kapena ouma ong'aluka.

Mufunseni makaniko wanu aone zinthu ziwiri zimene zinandigwetsa ine. Choyamba, thermostat, kachipangizo kotsegula ndi kutseka njira ya madzi opita ku rediyeta, ilimo? Amakaniko ambiri kuno amaichotsa ponena kuti ndi ya kumayiko ozizira. Si zoona. Thermostat imathandiza injini kufika msanga pa kutentha koyenera n'kukhazikika pomwepo, ndipo popanda iyo galimoto imamwa mafuta ambiri ndi kudyeka msanga. Nthawi zambiri imachotsedwa pofuna kubisa vuto la kuwira. Chachiwiri, ngati fani ya rediyeta ndi yamagetsi, ikuyaka liti? Iyenera kuyamba yokha injini ikatentha, kapena mukayatsa eyakoni, kenako n'kuzima. Ikangoyamba kuzungulira mukatembenuza kiyi injini ili yozizira, wina anailumikiza mwachidule, ndipo pali chifukwa chimene anachitira zimenezo. Pa galimoto za dizilo monga Hilux ndi Prado zakale za injini ya 3L, 5L kapena 1KZ, nkhani ya kuwira ndi yaikulu zedi, poti mitu yake imang'aluka ikatenthedwa.

Funsani ngati injiniyo imayendera timing belt (lamba woyendetsa mavavu a injini) kapena tcheni. Injini za Toyota monga 5A, 4A ndi 3S zili ndi lamba, amene amasinthidwa pa makilomita pafupifupi 100,000, ndipo ku Japan amamata kapepala pa injini kosonyeza pomwe anasinthira. Za 1NZ, 2SZ ndi 1KR, komanso HR15 ya Nissan, zili ndi tcheni chomwe chimakhalitsa ngati oyilo ankasinthidwa. Ngati palibe umboni woti lamba anasinthidwa, muwerengereni pa mtengo, chifukwa pa injini zina akaduka mavavu amapindika.

Batire labwino, galimoto isanalizidwe, limasonyeza mavoti pafupifupi 12.6, ndipo injini ikamalira liyenera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Likapanda kukwera, alitaneta sikutchaja. Onaninso mawaya: olumikizalumikiza ndi tepi wakuda, ndi mafyuzi omangidwa ndi kawaya, ndi amene amayatsa moto m'galimoto.

Chachisanu: ilizeni nokha

Khalani pa mpando wa dalaivala, tembenuzani kiyi kufika poyatsa magetsi okha, injini musailize. Magetsi onse a pa dashibodi ayake: la injini, la oyilo, la batire, la ABS, la airbag. Awerengeni. Limene silikuyaka apa ndiye kuti babu lake linachotsedwa kapena kumatidwa kuti musaone vuto. Mukaliza injini, onse azime m'masekondi ochepa.

Wailesi izime, mawindo atsegulidwe, wogulitsa ayambe wakhala chete. Injini yabwino imadzuka kamodzi. Mverani masekondi oyambirira: kulira kwa tcheni kokhala ngati kukoka unyolo pa simenti, kapena kugogoda kwakuya kochokera pansi pa injini komwe kumathamanga mukaponda mafuta. Kugogoda kumeneko ndi injini imene ili pafupi kunoka, ndipo palibe mtengo wotsika umene ungakupindulitseni. Dziwani kuti injini ya 1KR ya mu Vitz ndi Passo ili ndi masilinda atatu, choncho imanjenjemera pang'ono ikaima. Chimenecho ndi chibadwa chake, pokhapokha ngati chiwongolero chonse chikuvina, pomwe mungakayikire marabala onyamula injini, mapulagi kapena makoyilo.

Mnzanu aime kumbuyo aone ekizozi pamene mukuliza. Kanthunzi koyera kamene kakutha m'mphindi zochepa m'mawa wozizira n'kabwinobwino. Utsi woyera wochindikala wosatha, wonunkhira motsekemera, ndi madzi akupsa mu injini. Wabuluu ndi oyilo akupsa, kutanthauza maring'i kapena masili a mavavu otha. Wakuda ndi mafuta ochuluka osapsa bwino. Injini ikadali yozizira, makaniko akhoza kusiya rediyeta yotsegula n'kuyang'ana m'madzimo kwa kamphindi: thovu lotuluka mosalekeza ngati la mu Fanta ndi mpweya wa mu silinda umene ukudutsa pa gasiketi yopsa.

Makilomita a pa dashibodi musawakhulupirire okha, poti kuwabweza sikuvuta. Yerekezani ndi zimene maso akuona. Galimoto yoti yayenda makilomita 60,000 singakhale ndi chiwongolero chosalala ngati mpini wa khasu, rabala wa buleki wodyeka mpaka chitsulo, ndi mpando wa dalaivala wophwa. Sakani timapepala ta sevisi pa mphuthu ya chitseko kapena pansi pa boneti. Kansalu kosokedwa m'munsi mwa lamba wa pampando kamakhalanso ndi chaka chimene lambayo anapangidwa, ndipo chimathandiza kutsimikiza chaka cha galimoto. Sienta ndi Probox zambiri zagwirapo ntchito ya takisi, ndipo mudzazidziwa ndi mipando yakumbuyo yotha, zitseko zolendewera ndi masipuling'i akumbuyo ogona.

Chachisanu ndi chimodzi: pa msewu

Kuzungulira mpanda sikokwanira. Pemphani theka la ola, mafuta muthire ndinu ngati akudandaula, ndipo njira musankhe nokha: pakhale phula loti muthamangepo, chitunda, ndi kamsewu kafumbi ka mabampu.

Pa galimoto ya otomatiki, pondani buleki n'kusuntha giya kuchoka pa P kupita pa R, kenako pa D. Igwire mwamsanga ndi mofewa. Ikachedwa masekondi angapo kenako n'kugunda, giyabokosi yatopa. Galimoto zing'onozing'ono zambiri za ku Japan, monga Vitz ya kuyambira 2005, Note ndi Fit, zili ndi giyabokosi ya CVT, yomwe simamveka kusintha magiya koma imangokoka mosalala. Mukamva kunjenjemera ponyamuka, kulira ngati mluzu, kapena injini ikukuwa liwiro osawonjezeka, chenjerani. Honda Fit yoyamba, ya 2001 mpaka 2007, imadziwika ndi kunjenjemera kumeneku. CVT imafuna oyilo wakewake, ndipo zambiri zimafa chifukwa wina anathiramo oyilo wa otomatiki wamba. Funsani kuti anathira wotani komanso liti. Ngati pali choyezera, oyilo wa giyabokosi asakhale wakuda wonunkha chopserera.

Pa ya manyuwo, lowetsani giya yapamwamba mukuyenda pang'onopang'ono n'kuponda mafuta kwambiri. Injini ikakuwa galimoto osathamanga, kilachi yatha. Magiya onse alowe popanda kukukuta, ndipo isatulutse giya yokha potsetsereka.

Pezani bwalo, pindani chiwongolero mpaka kumapeto n'kuzungulira pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri. Phokoso la "kha-kha-kha" kutsogolo ndi ma CV joint, mfundo za zitsulo zopititsa mphamvu ku mawilo. Pa msewu wowongoka wopanda anthu, masulani manja pang'ono muone ngati ikukokera mbali imodzi. Kung'ung'udza kokula ndi liwiro ndi mabering'i a mawilo. Pondani buleki mwamphamvu kamodzi mutaona kuti kumbuyo kulibe wina: iime mowongoka, chopondera chisamire pansi, chiwongolero chisanjenjemere. M'kamsewu kafumbi kaja mverani kugubuduka kwa mashoko, mabushi ndi ma ball joint. Zimenezi pa misewu yathu zimatha pa galimoto iliyonse, ndipo masipeya ake amapezeka ku Biwi, ku Ndirande kapena ku Limbe. Si zothawira galimoto, ndi zotsitsira mtengo.

Nthawi yonseyi diso limodzi likhale pa singano ya kutentha, makamaka pa chitunda eyakoni ili yoyatsa. Iyenera kukwera kufika chapakati n'kukhazikika. Galimoto zina zilibe singano koma kagetsi: kabuluu kapena kobiriwira kamazima injini ikatentha, kofiira sikayenera kuoneka n'komwe.

Ngati ndi ya hybrid, yoyendera petulo ndi magetsi, monga Aqua kapena Prius, batire lalikulu ndilo mtima wa malondawo. Mizere yosonyeza mphamvu yake ikamadzaza ndi kutha mofulumira, ndipo injini ya petulo ikumangolira osapuma, batirelo latopa. Musagule popanda kuliyezetsa pa makina.

Chachisanu ndi chiwiri: mukabwerako

Imikani pa malo ouma oyera, isiyeni ikulira mphindi zisanu, mudikire fani iyake ndi kuzima yokha. Zimitsani, dikirani pang'ono, lizaninso ili yotentha. Isunthireni kutsogolo muone pansi pomwe inaima. Madzi oyera a eyakoni si vuto, koma dontho la oyilo, la coolant kapena la mafuta a buleki likuuzani pomwe kutsuka kuja kunabisa. Apa ndi pomwe makaniko alumikize kamakina kowerenga kompyuta ya galimoto, pa kabowo kamene kamakhala pansi pa chiwongolero. Yesaninso tinthu tating'ono tonse: mawindo, maloko, mawaipa, hutala, magetsi, jeke ndi sipanala ya mawilo. Funsani kiyi wachiwiri, chifukwa makiyi a kompyuta ndi odula kudulitsa.

Pomaliza: mtengo ndi kulipira

Khalani pansi ndi makaniko wanu, wogulitsa kulibe, mugawe zimene mwapeza pawiri. Matayala, batire, mashoko, mabushi, mabuleki ndi CV joint zili ndi mtengo wodziwika: funsani m'mashopu, phatikizani, muchotse pa mtengo umene watchulidwa. Koma nambala ya chesisi yokayikitsa, chesisi yopindika, injini yowira kapena yogogoda, giyabokosi yoterereka ndi galimoto yomira, zimenezo zisiyeni ngakhale atakutsitsirani bwanji. Mudzamva mawu akuti "bwana, pali wina akubwera ndi kashi masana ano". Muyankheni mwaulemu kuti ngati wabwera agule.

Mukagwirizana, lemberanani kalata ya malonda yokhala ndi mayina, manambala a ziphaso, nambala ya galimoto, ya chesisi ndi ya injini, mtengo ndi tsiku, pamaso pa mboni ziwiri. Lipirani kudzera ku banki kuti pakhale umboni. Pitani limodzi kupolisi akaitsimikize kuti si yobedwa, kenako ku Road Traffic mukasinthe umwini nokha, osadzera kwa madobadoba a panja, ndipo gawo lomaliza la ndalama liperekedwe dzina lanu litalowa m'buku.

Sabata yoyamba, ngakhale wogulitsa analumbira kuti sevisi yachitika dzana, sinthani oyilo ndi mafyuluta, khetsani madzi a mu rediyeta muthire coolant, bwezeretsani thermostat ngati mulibe, ndipo lembani makilomita a tsikulo m'kabuku kokhala m'galimoto momwemo.